Kalata Yabwera, Koma Musagulitse Munda Kaye

Pa 16 Disembala 2025 mtsogoleri wa dziko la America, a Donald Trump, anasaina chikalata choika Malawi m'gulu la maiko amene nzika zake azikhwimitsire malamulo olowera m'dzikolo kuyambira pa 1 Januwale 2026. Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania nawonso anagwera m'thumba lomwelo. Ambiri anaimva nkhaniyi ngati ya mabwana ndi abusa okonda kukwera ndege, koma mwa ma viza amene anaimitsidwawo munalinso a ana a sukulu. Miyezi inayi izi zisanachitike, mu Ogasiti, Malawi ndi Zambia anali maiko oyamba pa dziko lonse kuuzidwa kuti wofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi ayambe wasiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Chikolecho sichinkakhudza ophunzira, choncho makolo ena anapumira m'mwamba. Anafulumira.

Wina anena kuti za ku America n'za anthu a ku Area 10 ndi Area 43, ife zikutikhudza pati. Zikutikhudza, abale. Masiku ano wofuna kutumiza mwana kunja si nduna yokha. Ndi bambo wa sikelo pa Mitundu amene wakhala zaka khumi akugula soya ndi mtedza kwa alimi n'kumakagulitsa m'tauni. Ndi mayi wa golosale pa Nathenje amene ali m'magulu atatu a banki m'khonde. Mwana wawo wakhoza MSCE ndi mapointi abwino ndithu, koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa opita ku mayunivesite a boma, kapena latuluka pa kosi imene iye sakuifuna. Pa foni yake pafika uthenga wa pa WhatsApp wonena za malo ku India, ku Cyprus, ku China kapena ku Russia, ati theka la fizi akulipirirani. Pakatha milungu iwiri kalata yafika, ya chidindo chokongola, dzina la mwana litalembedwa bwinobwino. Pakhomo nthungululu. Nthungululu zikatha, anthu amayamba kuyang'ana ku khola la ng'ombe, ku ngolo, ndipo pamapeto pake ku munda.

Mfundo yanga ndi iyi. Kukonzekera ulendo wa kusukulu kunja si kugula sutikesi ndi jekete ya chisanu pa kaunjika. Ndi masamu, ndipo masamu ake pa zaka zinayi zapitazi atembenukira banja la wa geni. Khomo la kunja likunka lichepa, kwacha ikunka ipepuka, ndipo pakati pa ziwirizi paima madobadoba amene amadya ngakhale mwana asamalize sukulu. Kwa mabanja ambiri a kumwera kwa Lilongwe kuno, digiri yoyamba ya kunja yolipira m'thumba ndi juga, ndipo chimene chaikidwa pa tebulo ndi nthaka.

Sindikunena kuti kupita kunja n'kulakwa. Dziko lino analiumba ndi anthu amene anapita. John Chilembwe ananyamuka mu 1897 kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Kamuzu Banda anafika ku America mu 1925. Legson Kayira anauyamba wapansi mu 1958 mpaka kukafika ku Khartoum, ndipo mu 1960 anafika pa Skagit Valley College. Nkhani zimenezi aphunzitsi amazikonda, makamaka ya kuyenda wapansiyo. Chimene satsindika n'chakuti onse atatuwa anali ndi wina kutsidyako amene anasenza mtolo wa ndalama: Chilembwe anali ndi Joseph Booth ndi mipingo ya Baptist ya anthu akuda, Kamuzu anali ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, Kayira anali ndi sikolashipu ya kolejiyo komanso anthu a m'deralo amene anasonkha ya ndege. Chinanso, nthawi imeneyo kuno kunalibe kolowera. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ndipo sukulu yathu ya madokotala inadza mu 1991.

Tiyeni ku ndalama, poti ndi pamene pagona nkhani. Tiyerekeze sukulu ina ku India ikufuna madola 3,000 pa chaka, fizi ndi malo ogona pamodzi. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi ku banki inali cha m'ma K820, ndiye kuti pa chaka K2.5 miliyoni. Wa geni wolimbikira ndalama imeneyo amaiona kuti ndi yotheka. Mu Meyi chaka chomwecho Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Fizi yomwe ija, imene sukulu sinaikweze ndi tambala yomwe, yafika K5.1 miliyoni. Komatu umenewo ndi mtengo wa pa bolodi la ku banki. Aliyense amene anapitako kukapempha madola kuti akaode katundu ku Dar es Salaam kapena ku Joni akudziwa yankho lake: lembani fomu, tikuimbirani. Mu 2025 pa msika wa mseri dola inadutsa K4,000, ndipo pa mtengo umenewo madola 3,000 aja ndi K12 miliyoni. Kugula pa msika umenewo n'kuphwanya lamulo, inde, koma kholo limene mwana wake wauzidwa kuti salemba mayeso Lolemba silimayamba n'kuwerenga malamulo.

Choncho mwana amene ananyamuka mu 2022 banja litawerengera K10 miliyoni pa zaka zinayi, pofika chaka chomaliza ndalama imeneyo sinali kukwana ngakhale chaka chimodzi. Munda unapita chaka choyamba. Ng'ombe zinapita chaka chachiwiri. Chaka chachitatu mugulitsa chiyani?

Onjezerani apo kuti ndalama ya ku Mitundu ili ndi nyengo yake. Imabwera kuyambira Epulo mpaka Julayi, soya, mtedza ndi fodya zikamagulitsidwa. Sukulu za kunja zambiri zimafuna yawo kawiri pa chaka, ndipo kachiwiriko kamagwera cha mu Januwale, mwezi umene pakhomo pakufunika feteleza wobereketsa, aganyu opalira ndi fizi ya ana aang'ono. Mvula ikadula, ngati mmene zinalili mu 2024 pamene a Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko lino, analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, ofesi ya zachuma ya sukulu ya ku Punjab siimva za El Niño.

Maiko a azungu aja amakuuziratu pakhomo. Mu 2025 boma la Britain linkafuna kuti wophunzira wokakhala kunja kwa London aonetse mapaundi oposa 1,100 pa mwezi kwa miyezi 9, ndalamazo zitagona mu akaunti masiku 28 osasuntha. Amenewo ndi mapaundi oposa 10,000, pa mtengo wa ku banki wa chaka chimenecho pafupifupi K23 miliyoni. Tiyerekeze thumba la soya la makilogalamu 50 mwagulitsa pa K60,000: ndiye kuti matumba oposa 380, ongoonetsa kuti mwana akadya ndi kugona. Fizi sitinaiyambe. Pamwamba pake pali mapaundi 776 pa chaka a chipatala, viza yoposa mapaundi 500, kuyezetsa chifuwa chachikulu ndi tikiti ya ndege. Kuyambira Januwale 2024 Britain inaletsanso ophunzira ambiri a digiri yachiwiri kutenga akazi, amuna ndi ana awo. Mwezi womwewo Canada inakweza ndalama yoonetsa kuchoka pa madola ake 10,000 kufika pa 20,635, n'kuikanso malire pa chiwerengero cha ophunzira obwera. Izi sizinangochitika mwangozi. Ndale za m'maiko amenewo zikupindulira amene akulonjeza kuchepetsa alendo, ndipo ana a sukulu ndiwo osavuta kuwerenga ndi kuchepetsa.

Pali nzeru ina imene ikufala, yokatenga katapila n'kuika mu akaunti kuti sitetimenti ya ku banki ioneke yonenepa, viza ikatuluka n'kubweza. Ena mpaka kukonzetsa sitetimenti yabodza pa kompyuta. Amene akulangiza zimenezi sakuuzani kuti Britain ikakugwira ndi mapepala achinyengo imatha kukutsekera khomo zaka khumi. Ndipo ngakhale zitadutsa, mwana watsika ndege m'thumba mulibe kanthu. Apa ndi pamene makolo amadzitonthoza ndi mawu aja akuti "akakafika azikagwira ganyu, kunja ntchito ndi mbwee". Ku Britain ndi ku South Africa wophunzira amaloledwa maola 20 pa mlungu sukulu ikakhala yotsegula. Ku India viza ya sukulu siilola kugwira ntchito. Maola 20 akhoza kugula chakudya ndi kulipirako chipinda, koma fizi ayi. Wopitirira malire, akagwidwa, viza yatha.

Tsopano satifiketi. Izi zimawawa kumva koma n'zoona: MSCE yathu, ngakhale ya mapointi 6, maiko ambiri amaiwerengera pa mlingo wa O-Level. Mayunivesite a ku Britain ndi ambiri a ku South Africa salowetsa munthu m'chaka choyamba cha digiri ndi MSCE yokha. Amafuna A-Level, kapena chaka chokonzekera, kapena umboni woti munthu wachitako chaka pa yunivesite yovomerezeka. Chaka chokonzekeracho n'cholipira, choncho zaka zimene munawerengera onjezeranipo chimodzi. Ndiye ngati sukulu ina yakuyankhani m'masiku awiri, osafunsa za kiredeti ya masamu kapena ya sayansi, n'kukupatsani kosi ina iliyonse imene mwatchula, musati Mulungu wayankha. Dzifunseni kuti n'chifukwa chiyani khomo lake lili pululu chonchi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Funso lalikulu kuposa lolowera ndi lotulukira. Pepala limene mwana adzabwere nalo, kuno lidzagwira ntchito? Pa nkhani imeneyi ngakhale Kamuzu anapunthwapo. Anamaliza udokotala pa Meharry Medical College ku Tennessee mu 1937, koma kuti aloledwe kuchiza m'maiko a ulamuliro wa Britain, kuphatikizapo Nyasaland kwawo, anayenera kukaphunziranso ku Edinburgh mpaka 1941. Lero wophunzira udokotala kunja ayenera kudutsa ku Medical Council of Malawi asanagwire wodwala. Namwino ayenera kudutsa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba. Wa zamalamulo sangangotsika ndege n'kukaima pamaso pa woweruza, pali sukulu ya Malawi Institute of Legal Education imene ikumudikira. Ndipo bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi limene limaunika mapepala a sukulu zakunja. Makolo ambiri amadziwa za bungweli mwana atabwera kale, olemba ntchito atakana pepala. Chonsecho ofesi yake ili mu Lilongwe momwemu, ulendo wa m'mawa umodzi kuchokera pa Nathenje. Pitani ndi dzina la sukuluyo musanalipire tambala. Safunsa anadya phula.

Za Cyprus ndionjezepo pang'ono, poti dzinali limamveka ngati la ku Ulaya weniweni. Sukulu zambiri zimene zimaitanira ana a ku Africa zili kumpoto kwa chilumbacho, dera limene dziko lokhalo lolivomereza kuti ndi dziko ndi Turkey. Wopita kumeneko akuganiza kuti walowa mu European Union n'kumadzadumphira ku Germany, wanamizidwa.

Wanamizidwa ndi yani? Ndi eijenti. Tisamuone ngati mfiti, tingomvetsa ntchito yake. Sukulu zambiri zoima pazokha zimalipira eijenti pa mutu uliwonse umene wabweretsa. Ndi chimodzimodzi woitanira minibasi pa depoti: iye yake ndi yoti mukwere, zoti matayala ndi akutha kapena galimoto ikafera pa Nanjiri si zake. Amalandira kawiri, kwa inu ya "kuyendetsa mapepala" ndi kwa sukulu ya kukubweretsani. Nayo "sikolashipu ya 50 peresenti" ija inu a geni mukuidziwa bwino kuposa ine. Malaya a K5,000 mumayamba kutchula K10,000 kuti wogula achoke akusekerera kuti wakunenererani. Sikolashipu yeniyeni imalembedwa kuti ikulipira chiyani, fizi, chakudya, malo ogona, chipatala, ndege, kwa zaka zingati, ndipo mwana akalephera phunziro limodzi chimachitika n'chiyani. Yongotchula peresenti ndi kutsitsa mtengo basi.

Kumuyesa eijenti sikovuta. Lemberani sukuluyo nokha, pa keyala imene ili pa tsamba lake la pa intaneti, mufunse ngati ikumudziwa munthuyo ndi ngati kalata ija ndi yawodi. Fizi ipite ku akaunti ya sukulu kudzera ku banki, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Pasipoti ndi satifiketi zenizeni zisagone m'chikwama cha wina. Ndipo pemphani nambala ya Mmalawi amene ali chaka chachitatu pa sukulupo. Wa chaka choyamba akadali wosangalala ndi zikepe za m'nyumba zosanja ndi magetsi osazima, sangakuuzeni kanthu. Wa chaka chachitatu ndi amene akudziwa ndalama zobisika, za mayeso, za kukonzetsa viza chaka ndi chaka, za kulembetsa ku polisi. Eijenti akayamba kupsa mtima ndi mafunso amenewa, kapena kunena kuti malo atsala awiri okha lipirani lero, mwamva kale yankho.

Nthawi zina chotayika si ndalama yokha. Mu Okutobala 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti atsikana a ku Africa a zaka 18 mpaka 22, amene anakopedwa pa intaneti ndi pulogalamu ya Alabuga Start ndi malonjezo a maphunziro ndi ntchito ku Russia, anapezeka ali m'fakitale ku Tatarstan akulumikiza ndege zopanda woyendetsa zokaphera anthu ku Ukraine. Mu 2022 mnyamata wa ku Zambia amene anapita ku Moscow kukaphunzira za nyukiliya, n'kumangidwa, anafera ku nkhondo ya ku Ukraine atatengedwa m'ndende ndi gulu la Wagner. Mu 2024 wailesi ya BBC inaonetsa mmene amayi a ku Malawi anazunzikira ku Oman atapita ndi malonjezo a ntchito zabwino. Za ku Oman sizinali za sukulu, koma njira yake ndi yomweyo: uthenga wa pa foni, munthu wolankhula bwino, tikiti yaulere, pasipoti kulandidwa pofika. Kholo la mwana wamkazi likamva kuti zonse n'zaulere, ndege yomwe, koma sukulu yake dzina silikumveka bwino, lisachite manyazi kufunsa kuti wolipirayo apindula chiyani.

Pasipoti nayo ndi ulendo pawokha. Boma linathetsa mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain mu Disembala 2021, ndipo kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira anaima kwa milungu ingapo, a Chakwera n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta awalanda ndipo akufuna dipo. Mu Malichi chaka chimenecho mtengo wa pasipoti wamba unatsitsidwa kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, koma amene anagonapo pa mzere ku Immigration akudziwa kuti mtengo ndi china, kulandira kabukuko ndi china. Sukulu yakunja siisuntha tsiku lotsegulira chifukwa makina a ku Malawi afa. Onjezani kalata ya ku polisi, kutsimikiziritsa satifiketi, mayeso a Chingerezi amene sukulu zina zimafuna ngakhale taphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, komanso kuti maiko ambiri alibe kazembe ku Lilongwe, mpaka ukawapeze ku Lusaka, Harare kapena Pretoria. Wofuna kunyamuka mu Sepitembala, mapepala ayambe chaka chathunthu m'mbuyo. Woyamba mu Juni ndi amene amagwa m'manja mwa dobadoba wachiwiri, uja wa pa geti amene amati akudziwana ndi bwana m'katimo.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti zonsezi zikukambidwa m'dera limene lili ndi yunivesite pakhomo. Kuchokera pa Mitundu kukafika pa Bunda ndi ulendo wa kabaza. Koleji imeneyi yakhala pamenepo kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo kuyambira 2012 ndi likulu la yunivesite yoima payokha ya LUANAR. Pamenepo pali likulu la maphunziro a za nsomba la AquaFish, limene linakhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank, ndipo ophunzira ochokera maiko ena a mu Africa amabwera kudzachita digiri yachiwiri ndi yachitatu. Iwo akutsika ndege ku Lumbadzi kubwera kwathu, ife tikugulitsa munda kuti mwana akachite za bizinesi pa koleji imene ngakhale eni dzikolo saidziwa.

Ndipo khomo lenileni la kunja, lija lolipiridwa ndi ena, nthawi zambiri limatsegukira munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba. Chevening ya ku Britain ndi ya digiri yachiwiri, imafuna munthu amene wagwirako ntchito zaka ziwiri, imalipira fizi, ndege ndi ya m'thumba, ndipo imafuna ubwerere kwanu kwa zaka ziwiri ukamaliza. Commonwealth ndi DAAD ya ku Germany nazonso zambiri n'za digiri yachiwiri ndi yachitatu. Aphunzitsi ambiri a pa Bunda, Chancellor ndi Mzuzu amene ali ndi mapepala a kunja anadzera njira yomweyi: yoyamba kuno, zotsatirazo kunja, wolipira wina. Ndi njira yochedwa, yosapatsa chithunzi cha pa bwalo la ndege chaka chino. Koma munda umatsala.

Ndikudziwa zimene ana a sukulu anena, ndipo sakunama. Mayunivesite a boma ndi asanu ndi imodzi okha, malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi amene amakhoza MSCE chaka ndi chaka. Fizi kunonso ikukwera. Ngongole ya bungwe la boma lobwereketsa ophunzira, limene linayamba ntchito mu 2015, siifikira aliyense. Makoleji oima paokha ena ndi abwino, ena ndi zipinda zitatu pamwamba pa sitolo. Ndipo wina amamaliza digiri n'kumagulitsa mayunitsi. Achinyamata 221 amene anakwera ndege kupita ku minda ya ku Israel mu Novembala 2023, nkhondo ili m'kati, sanapite chifukwa chosadziwa kuti kuli mizinga. Anapita chifukwa kuno kunalibe choti agwire. Munthu wotere ukamuuza kuti dekha, amakuyang'ana ngati wakhuta.

Komabe pali kusiyana kumodzi kumene ine ndikukudziwa ndi thupi langa. Sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, ndalama zitatha pakhomo. Zinawawa, koma mtengo wake unali wa minibasi yobwerera kumudzi, ndipo mawa lake ndinali pa msika kufunafuna poyambira. Mnzanga amene zomwezo zamuchitikira kunja ali m'madzi ena. Akalephera fizi sukulu imamuchotsa m'kaundula, viza imafa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi wokhala m'dziko mopanda chilolezo, chindapusa chikuwerengeka. Zotsatira za mayeso a zaka zimene waphunzira sukulu imazigwira mpaka ngongole ithe, choncho sangakapitirize kwina. Tikiti yobwerera ndi ya madola. Kuposa zonsezo pali manyazi: mudzi wonse unamuperekeza, abusa anapemphera, amalume anagulitsa ng'ombe. Abwera bwanji chimanjamanja? Ambiri sabwera. Agogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba anali ndi dzina la anthu otere, ankati matchona. Kusiyana kwake n'kwakuti mtchona wakale ankapita ndi mphamvu zake zokha, sankanyamula munda wa banja.

Kwa amene ndalama ilipodi ndipo mtima wagona pa kunja, bwanji osayamba kuyang'ana pafupi? Mu 1997 atsogoleri a SADC anasaina mgwirizano wa za maphunziro, ndipo anasainira mu Blantyre momwemu. Mgwirizanowu umati maiko asungire ophunzira a m'chigawo chino malo osachepera 5 peresenti, ndipo pa fizi awatenge ngati eni dziko. Si onse amene amautsata mofanana, koma mayunivesite ambiri a boma ku South Africa amalipiritsa mwana wa ku Malawi fizi ya eni dziko n'kuonjezerapo ndalama ina ya alendo. Kumeneko viza ya sukulu imafuna inshuwalansi ya chipatala ya konko, ndipo nkhanza zochitira alendo za mu 2008 ndi 2015 palibe amene waziiwala. Koma basi ya ku Johannesburg yodzera pa chipata cha Dedza imadutsa pa Nathenje pomwepa. Zinthu zikavuta, mwana akhoza kufika pakhomo ndi ndalama imene banja lingasonkhe tsiku limodzi. Lusaka ndi Dar es Salaam ndi pafupi kuposa apo.

Boma nalo lisaime patali ngati nkhaniyi ndi ya m'banja. Maiko monga India, China ndi Russia amapereka malo a sikolashipu kudzera ku boma, ndipo dandaulo la anthu a kumudzi ndi lakale: amamva zitatha, mayina atapita. Kulengeza m'Chingerezi pa intaneti, masiku otsekera ali pafupi, ndi kulengezera ana a ogwira ntchito ku Capital Hill. N'chiyani chikuletsa kuti malo amenewa aziwerengedwa pa wailesi m'Chichewa, n'kumatidwa pa bolodi la sekondale ya Mitundu ndi ma CDSS onse ozungulira, ndipo mayina a osankhidwa ndi maboma awo azisindikizidwa m'nyuzipepala? Chachiwiri, wogulitsa mankhwala amafuna chiphaso, woyendetsa minibasi amafuna chiphaso. Wotumiza ana a eni kutsidya kwa nyanja bwanji asalembetse, n'kusiya chikole chimene chingabweze mwana zinthu zikasokonekera? A America atipempha chikole ife, ife tikulephera kupempha chikole eijenti. Aphungu a kumwera kwa Lilongwe, nkhani yoti mukaimirire nayo m'Nyumba ndi imeneyi.

Pomaliza pake chigamulo chimapangidwa pa mkeka, usiku, pali bambo, mayi ndi amalume. Kwathu kuno munda kawirikawiri si wa munthu mmodzi, ndi wa mbumba, ndipo alongo ake a mwana wopitayo ndi amene amayembekezera kudzalimapo. Iwowo pa mkekapo nthawi zambiri saitanidwa. Aitaneni. Ndipo pepala la masamu likhale la zaka zonse, m'madola, pa mtengo umene dola mungaipezedi, muonjezepo tikiti yobwerera ndi chaka chimodzi cha chilala. Mzinda wa Lilongwe ukusefukira kumwera, m'mbali mwa msewu wa ku Bunda ndi wa M1, ndipo ogula malo a m'tauni akuyendayenda m'midzi ndalama zili m'manja. Amalipira msanga, sanenerera kwambiri, ndipo mwezi usanathe amakhala atazunguliza mpanda wa njerwa.